Mzuzu idakhala mzinda mu 1985, nanga msewu wa kwathu uli kuti?

Mayi wina wanditumizira imelo. Adasamukira kuno kuchokera ku Kasungu, adagula puloti kumtunda kwa Masasa, ndipo akufunsa kuti: "Malo otchedwa mzinda angakhale bwanji opanda msewu woti ambulansi n'kufika pakhomo? Ndalama za msonkho zimapita kuti?"

Mayi, funso lanu landikhudza, chifukwa nanenso dzinja likafika ndimayenda nsapato zili m'manja.

Mzuzu idayamba mu 1947 ngati esiteti ya mitengo ya tung, yomwe njere zake amayengera mafuta. Boma lidalengeza kuti ndi mzinda mu 1985. Koma taonani kuchuluka kwa anthu: kalembera wa 2008 adapeza anthu pafupifupi 134,000, pomwe wa 2018 adapeza opitirira 221,000. Onse owonjezerekawo amafuna pogona tsiku lomwe afika. Palibe amene angagone panja kudikira kuti akatswiri amalize kujambula mapu.

Ndiye munthu amapita kwa mfumu kapena kwa mwini munda, amalipira, amamulozera malire: "Kuyambira pa mtengo wa mapeyala uwo mpaka pachulu apo." Amaumba njerwa pompo, dzenje n'kutsala. Mnzake amamanga mogundiza khoma. Podzafika a khonsolo, pamene padayenera kudutsa msewu pali kale chimbudzi cha wina ndi khitchini ya wina. Kuti giredala idutse, pafunika kugwetsa nyumba ndi kupereka chipukutamisozi, ndalama zoposa za msewu weniweniwo nthawi zina. Ku Chibavi, Chiputula ndi Mchengautuwa nkhani yake ndi yomweyi.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti malo a mumzinda muno ali ndi eni ambiri. Ena ali m'manja mwa Unduna wa za Malo, ena a Malawi Housing Corporation, ena a khonsolo, ndipo mafumu nawo amagawabe monga ankachitira mzinda usanawapeze pamudzi pawo. Mafumuwo sindikuwanyoza ayi, ndi amene timathamangirako pakagwa maliro. Koma mutu umodzi susenza denga, ndipo mitu inayi yosakambirana singasenzenso.

Musaiwalenso kuti kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko lino lidalibe makhansala. Zaka zimene anthu ankakhamukira kuno, ku khonsolo kudalibe munthu wosankhidwa woti n'kumugwira malaya. Zotsatira zake tidaziona mu April 2016, pamene mvula yosalekeza idagwetsa nyumba zomangidwa m'madambo ndi m'malo otsetsereka, anthu n'kutaya miyoyo.

Za msonkho: khonsolo imadalira kwambiri msonkho wa nyumba zolembedwa m'kaundula wake, ziphaso za bizinesi ndi matikiti a m'misika ngati wa Zigwagwa. Nyumba zambiri za m'madera osakonzedwa mulibe m'kaundulamo. Muli ndi ufulu wonse wofunsa mmene ndalamazo zikuyendera, ndipo funsani ndithu, kungoti thumbalo ndi laling'ono poyerekeza ndi khamu limene likuliyang'ana.

Musapite nokha ku khonsolo, Mayi. Itanani oyandikana nawo ndi amfumu, muyende limodzi kuyambira pamsewu waukulu mpaka kwanu, mugwirizane pamene galimoto izidutsa, mukhome zikhomo. Kenaka mulembe kalata yosainidwa ndi nonse, mukapereke kwa khansala wanu ndi ku nthambi yoona za mapulani ku khonsolo, ina musunge. Chitani zimenezi mwezi uno, amene akuwotcha njerwa kumunsi kwanuko asanakumbe maziko.