Mkodzo wofiira ndi nyongolotsi za m'chiwindi: yankho kwa mlimi wa ku Bwanje

Bambo wina woweta ng'ombe m'chigwa cha Bwanje ku Ntcheu wafunsa kuti: "Ng'ombe yanga idayamba kukodza mkodzo wofiira, pasanathe masiku awiri idafa. Titaitumbula tidapeza nyongolotsi zaphwatalala ngati tsamba m'njira za ndulu. Kodi ndi zimenezi zidaipha?"

Pepani bambo, chuma chapita. Nyongolotsizo dzina lake ndi Fasciola gigantica, ndipo pazokha zimapha pang'onopang'ono: ng'ombe imaonda, m'zikope mumayera, pansi pa chibwano pamatupa madzi. Imfa yachangu chonchi imandiganizitsa kuti zidali ndi mnzake.

M'nthaka ya m'madambo mumakhala mabakiteriya otchedwa Clostridium haemolyticum ndi Clostridium novyi. Ng'ombe imawameza ndi udzu, nakagona m'chiwindi kwa miyezi osachita kanthu, chifukwa sakula pomwe pali mpweya wabwino. Ana a nyongolotsi akamaboola chiwindi popita ku njira za ndulu amasiya zilonda zomwe magazi safikako, ndiye mpweya umasowamo. Mabakiteriya aja amadzukira momwemo. Amapanga poizoni, ndipo poizoni wa haemolyticum amaswa maselo ofiira a magazi, n'chifukwa chake mkodzo umafiira. Wa novyi amaoletsa chiwindi, makamaka cha nkhosa, mwakuti mumangoipeza yafa m'khola m'mawa.

Komabe mkodzo wofiira umabweranso ndi matenda a nkhupakupa, ndiye musagamule nokha. Ina ikadwala chonchi, itanani mlangizi wa ziweto atenge magazi ng'ombe ikadali moyo. Ndikupempheninso ndi mtima wonse: chiweto chofa mwadzidzidzi musamachitumbule kapena kugawana nyama yake, pakuti matenda otchedwa anthrax amaphanso chimodzimodzi ndipo amagwira anthu.

Mwafunsanso ngati pali jakisoni. Penicillin amathandiza mukafulumira, koma nthawi zambiri poizoni amakhala atayenda kale. Nkhondo yeniyeni ili ku dambo. Nyongolotsiyi imakulira mu nkhono zazing'ono za m'madzi, kenaka imamatirira pa udzu wonyowa, kumene ziweto zimaunjikana mwezi wa Seputembala ndi Okutobala msipu ukauma kumtunda. Ngati n'kotheka, muzizimwetsa madzi a pamjigo m'chomwera.

Pogula mankhwala a nyongolotsi werengani pa botolo. Albendazole amapha nyongolotsi zikuluzikulu zokha, pamene triclabendazole amaphanso tiana tomwe timaboola chiwindi tija. Mwetsani molingana ndi kulemera kwa chiweto, ndipo triclabendazole musapatse ng'ombe yomwe mukukama musanafunse mlangizi. Mumufunsenso za katemera wa Clostridium, abayidwe ng'ombe zotsalazo zisanatsikire ku dambo.