Tchizi chopanda pepala musampatse mwanayo

Asisi, mtima wanga wangoti myuu nditaona kuti mwana wanu ali ndi ziwengo za mkaka wa ng'ombe ndiye mukufuna kumugulira tchizi chija amati n'cha zomera. Imani kaye. Wangayu chinatsala pang'ono kundilanda.

Ndinagula kwa mayi wina wa kuno ku Dedza amene amaoda katundu ku Johannesburg. Anadula pa chibuloko chachikulu n'kundikulungira mu pulasitiki, popanda pepala lililonse. Ndinamufunsa maso ndi maso kuti kodi muli mkaka, ndinamuuzanso vuto la mwana. Iye amvekere, "Ayi mayi, ichi n'cha mafuta a zomera okhaokha, n'chifukwa chake n'chotchipa." Madzulo ndinasungunulira pa mbatatesi ya ku Bembeke, mwana anadya mosangalala poti anzake amadya iye akungoyang'ana. Tisanatsuke n'komwe mbale anayamba kukanda pakhosi. Milomo inatupa, zikope zinatupa mpaka maso kutsala kamzere, zidzolo mimba yonse. Kenako mawu anasintha, akati aitane "amama" kumangotuluka kamluzu. Munali mu June, nkhungu itatsika m'phiri, magetsi atazima. Bambo ake anali ku Lizulu kokagula kabichi. Ndinamubereka ndi chitenje chimene ndinavala, nsapato sindinazione, ndikugogoda pa neba kuti mnyamata wawo atitenge pa njinga yamoto. Njira yonse ndinkamva kachifuwa kake kakulimbana ndi mpweya pamsana panga, manja ake akulefuka pakhosi panga. Kuchipatala anamubaya jakisoni wa adrenaline pantchafu, ndi pomwe anayamba kupuma bwino. Anamwino aja Mulungu awadalitse.

Adokotala ndi amene anandifotokozera m'mawa mwake. Tchizi chambiri chotchipa n'chongoyerekeza: amachotsa mafuta a mkaka n'kuikamo mafuta a kanjedza kapena a kokonati, sitalichi, mchere ndi utoto, koma puloteni wa mkaka, amene amalembedwa casein kapena caseinate, amamusiyamo chifukwa ndi amene amachititsa kuti chizinyududuka pa pizza. Ndiye puloteni ameneyo ndi amene amayambitsa ziwengo. Tchizi chenicheni chimadya malita pafupifupi 10 a mkaka kuti mupeze kilo imodzi, n'chifukwa chake ochita malonda amathawira ku chinachi. Kutchipako sikutanthauza kuti mulibe mkaka.

Mayi uja nditamupitira, mukudziwa zomwe anandiyankha? Akuti mwina mwana anadya china kusukulu. Akuti anthu onse akugula palibe wadandaula. Ngakhale pepani sanatuluke pakamwa pake! Ndinamupempha andionetse katoni yomwe chinabweramo, akuti anataya. Mpaka lero akugulitsabe, akuikabe zithunzi pa WhatsApp, akulembabe kuti mulibe mkaka. Munthu ukugulitsa chakudya osadziwa zomwe zilimo, bwanji osangonena kuti sindikudziwa? Ine ndikanangobwerera ndi ndalama zanga. Ndikamuona pamsika ndimadutsa mbali ina chifukwa ndikudziwa zomwe ndingalankhule.

Anthu ena amasokoneza zinthu ziwiri. Pali amene akamwa mkaka mimba imangotupa n'kutsegula, amenewo vuto ndi shuga wa mumkaka, lactose, ndipo ambiri amadya tchizi chokhalitsa ngati cheddar osavutika. Koma mwana wotupa milomo ndi nkhope, nkhani yake ndi puloteni, ndipo kachidutswa kakang'ono kamakwana. Musamve zoti mumuzolowetse pang'onopang'ono kunyumba.

Ndiye ine ndikuti zatchizizi zisiyeni, mwana sangafe chifukwa chosadya tchizi. Matchizi ambiri a zomera opangidwa ndi kokonati ndi mafuta ndi sitalichi basi, zomanga thupi mulibemo zokwanira. Mpatseni usipa, mazira, nyemba, bonongwe. Koma ngati akulira poona anzake, gulani ndithu, inenso ndimagulabe ndikapita ku Lilongwe. Chikhale chomata kufakitale, cholembedwa vegan (kutanthauza kuti mulibe chochokera ku nyama), ndipo muwerenge mndandanda wa zomwe zilimo mpaka mzere womaliza. Mukaona casein, caseinate, whey kapena milk solids, bwezani pashelefu, zonsezi n'za mkaka. Mawu akuti non-dairy (chopanda mkaka) okha musawakhulupirire, ngakhale ufa wina wothira mu tiyi umalembedwa choncho muli caseinate. Onaninso ngati muli mbibu kapena soya, chifukwa ana ena zimawawenganso.

Ngati soya samuwenga, pangani nokha tchizi cha soya, soya kuno tili naye wambiri. Munyike usiku wonse, mugaye ndi madzi, musefe pa kansalu koyera, muwiritse bwinobwino mkakawo, ndipo mukaphula muthiremo madzi a mandimu pang'onopang'ono mpaka utadukadukana. Mukulunge mu nsalu, mutsindire ndi mwala, mudule timagawo, muthire mchere n'kukazinga. Sichisungunuka ngati cha pa pizza, koma wanga amadya ndi tomato. Ndipo kaya mugula kaya mupanga, tsiku loyamba mumpatse masana, inu muli pomwepo, nambala ya wa kabaza ili pafoni.