Mtengo wa pakhomawo musaudulire mwaukali

Mayi wina andilembera imelo kuti mtengo wawo wa maapozi, umene anauyala pamawaya kukhoma mwa njira ya espalier, chaka chatha unangochita mphukira zoloza kumwamba osabala. Tsopano kuzizira kukutha, ndiye audulire kwambiri?

Ayi mayi, chonde ayi. Funso lanuli landikhudza. Wanga unadulidwapo chimodzimodzi ndi munthu amene ndinamusiyira munda, ati akuukonza. Anachotsa timphanda tonse tatifupi, tokwinyikakwinyika, poti sitinkaoneka bwino. Komatu maluwa amatuluka pamenepo! Timphanda timeneti timatenga zaka kuti tikhwime, ndipo mtengowo unabwezera ndi nthambi zazitali zopanda kanthu. Ndinkati ndikaima pakhomapo mtima unkandiwawa.

Mtengo ukadulidwa kwambiri usanadzuke, mphamvu zonse za m'mizu zimathamangira m'maso (potulukira mphukira) ochepa otsalawo. Kudulira kofatsitsa mtengo ndi kwa kumapeto kwa nyengo yotentha, masamba ali pomwepo. Ine ndafika poti aliyense wolangiza kuti espalier wokhwima azimetedwa panopa sindimumveranso. Anthu amaiwala chifukwa chimene timagonekera nthambi. Nthambi yoima imakonda kukula, yogona imakonda kubala. Alimi akale ankadziwa zimenezi. Ku Versailles, m'dziko la France, munda wa Potager du Roi umene Jean-Baptiste de La Quintinie anakonzera mfumu Louis XIV kuyambira 1678 udakali ndi mitengo yoyalidwa chonchi. Luso limeneli ndi la anthu odekha, ndipo kudekhako n'kumene kukusowa masiku ano, aliyense akufuna zipatso chaka chomwecho.

Nanga muchite chiyani?

Yambani ndi zingwe. Zomangira za chaka chatha zimadya khungwa nthambi ikamanenepa, zimasuleni mumange zina mosathinitsa. Kungani mawaya amene akhwepa. Chotsani zouma ndi zodwala zokha. Maso onenepa, obulungira, ndiwo a maluwa, asiyeni. Opyapyala osongoka ndiwo a masamba.

Feteleza wa nayitrojeni muchepetse, ndi amene akuchulukitsa mphukirazo. Patsinde pa khoma pamauma msanga ngakhale mvula igwe, choncho thirirani, muyale manyowa osakhudzitsa thunthu. Maluwa akatuluka usiku n'kumaopsa chisanu, phimbani ndi nsalu yopepuka, koma m'mawa muvundukule kuti njuchi zifike. Mphukira zoimazo mudzazifupikitse kumapeto kwa nyengo yotentha, kusiya masamba ngati 3 pamwamba pa timasamba ta patsinde pake.