Kodi tingamange mafulati kuseri kwa nyumba yathu ku Chilenje?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa amayi ena a ku Chilenje, muno mu Lusaka. Nyumba imene akukhala inali ya khonsolo, ndipo bambo awo anaigula mu 1996 pamene boma la a Frederick Chiluba linagulitsa nyumba zoterezi kwa anthu amene ankakhalamo. Bambowo anatisiya, nyumba inatsala ndi ana. Kuseri kuli malo, pali mtengo wa mango ndi kadimba ka repu. Amayiwa akufuna kumangapo mafulati atatu kuti azilandira lendi, alongo awo akuti bola loji, pomwe aneba akuwaopseza kuti akhonsolo adzabwera kudzagwetsa. Funso lawo analilemba motere: "Malo ndi athu, taitolo ilipo. Nanga lamulo likutiletsa chiyani, ndipo ndi nyumba zamtundu wanji zimene zimaloledwa kuno?"

Amayi, zikomo pondilembera, ndipo pepani ndi imfa ya bambo. Kumanga n'kotheka, koma taitolo payokha sikupatsani ufulu womanga chilichonse chimene mtima wafuna. Taitolo ndi pepala lina, chilolezo chomangira ndi pepala linanso, ndipo anthu ambiri mu Lusaka muno alira chifukwa chosokoneza awiriwa.

Malinga ndi lamulo la Lands Act la 1995, nthaka yonse ya Zambia ili m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa anthu onse. Ife timangobwereka, kawirikawiri kwa zaka 99. M'makomboni amene boma linawavomereza, anthu ambiri ali ndi chikalata cha zaka 30 chowalola kukhala pamalopo, ndipo nthaka imakhalabe ya khonsolo. Tsono zoti pamalo panu pamangidwe chiyani zimayendera lamulo lina, Urban and Regional Planning Act la 2015, limene linalowa m'malo mwa malamulo awiri akale, la Town and Country Planning ndi lija la 1974 loona za makomboni ndi nyumba za khonsolo. Lamuloli limati kumanga, kuwonjezera nyumba, kugawa puloti pawiri ngakhalenso kusintha ntchito ya nyumba, zonsezi zimafuna chilolezo. Kwa inu a ku Chilenje, opereka chilolezocho ndi a Lusaka City Council ku Civic Centre, mu msewu wa Independence.

Kuti mumvetse chifukwa chake Chilenje amamuona mosiyana ndi Kabulonga, tibwerere m'mbuyo pang'ono. Mzinda uno unakhala likulu mu 1935, ndipo mapulani ake oyamba anajambula ndi Stanley Adshead, katswiri wa mapulani a mizinda wa ku Britain, mu 1931. Iye ankaganiza za mzinda wa mitengo ndi mabwalo aakulu, koma wa azungu. Munthu wakuda ankamuona ngati wantchito wongodutsa, wogona m'kanyumba kakuseri kwa bwana kapena m'tinyumba tozungulira ngati tija tinatsala ku Kabwata Cultural Village. Chilenje ndi Matero zinabwera pambuyo pake, boma la atsamunda litavomereza kuti antchito ali ndi akazi ndi ana. Kugawa kumeneko sikunathe, kunangosintha dzina. Lero akatswiri amagawa malo okhala potengera kuchuluka kwa nyumba ndi anthu. Kuli kumayadi monga Kabulonga, Woodlands, Rhodes Park ndi Roma, kumene mapuloti ndi aakulu. Kuli madera apakatikati monga Chilenje, Libala, Kabwata ndi Chelstone. Ndiye kuli kothithikana monga Mtendere, Kalingalinga, Chawama, George ndi Kanyama. Ena mwa makomboniwa, monga Chawama ndi George, anayamba popanda pulani ndipo anawakonza pansi pa ntchito imene inayamba mu 1974 ndi ngongole ya World Bank.

Tsopano mitundu ya nyumba. Pamaso pa akhonsolo, chofunika si kukongola kwa malata kapena matailosi, koma kuti pa puloti pakhala mabanja angati. Nyumba yoima payokha ndi ya banja limodzi. Nyumba zogundana khoma, zimene timati semi, ndi mabanja awiri, ndipo zoterezi zilipo zambiri kumadera a nyumba zakale za khonsolo. Ngati yanu ndi yotero, khoma lapakati si lanu nokha, simungalisenzetse nyumba yosanja aneba osadziwa. Kanyumba kakuseri, kaja timati seventi kota, amakaona ngati mwana wa nyumba yaikulu, ndiye pempho loti mumange kamodzi silikhala lolemera. Koma mukangoti zitseko zitatu, chilichonse ndi khitchini yake, bafa lake ndi mita yake ya Zesco, mwachoka pa nyumba ya banja limodzi mwalowa pa mafulati, kaya ndi apansi kaya osanja. Apa ndi pamene amayamba kufunsa kuti nyumba zadya gawo lalikulu bwanji la puloti, mwasiya mpata wotani kuchokera kumsewu ndi kumpanda wa aneba, galimoto ziima pati, zonyansa zipita kuti. Mdadada, uja wa zipinda zondandana khomo lililonse banja lake, nawonso ndi nyumba ya mabanja ambiri ngakhale eni ake amangoti "ndi tizipinda chabe".

Pa zonsezi, ndikufuna tikhalitse pa nkhani ya madzi ndi zimbudzi, chifukwa ndi pamene lamulo limaoneka kuti lili ndi nzeru. Nditangofika mu Lusaka ndinkachita lendi pa mdadada wina wa zitseko zisanu ndi chimodzi. Alandilodi anamanga mpaka kufika pampanda, moti zenera la chipinda changa linkayang'ana khoma la buloko lotalikira dzanja limodzi. Masana ndinkayatsa getsi. Zovala m'chikwama zinkachita nkhungu. Tonse tinali ndi chimbudzi chimodzi chokumba, ndipo masitepe ochepa kuchokera pamenepo panali chitsime chimene ana ankatunga madzi otsukira mbale. Mvula ya mu Januwale itagwa masiku atatu, madzi a m'chimbudzi ndi a m'chitsime anafika pa msinkhu umodzi. Mwana wa khomo lachitatu anatsegula m'mimba usiku wonse, mayi ake akumuthamangitsira kuchipatala kumbuyo, matope mpaka m'mawondo. Anachira, koma nkhope ya mayi uja sindinaiiwale.

Mbali yaikulu ya mzinda uno inakhala pa mwala wa laimu wokhala ndi ming'alu ndi mapanga, ndipo madzi apansi ali pafupi kwambiri. Chimene chalowa m'dzenje la chimbudzi sichichedwa kufika m'chitsime kapena m'bowaholo ya mnzako. Kolera amene anayamba mu Okutobala 2017, ndi uja wa 2023 mpaka 2024 pamene bwalo la masewera la National Heroes linasanduka chipatala, anakantha kwambiri kumene anthu athithikana popanda mapaipi. N'chifukwa chake a WARMA, bungwe la boma loyang'anira madzi m'dziko muno, amafuna kuti bowaholo ilembetsedwe ndipo italikirane ndi chimbudzi kapena thanki ya zonyansa mamita 30. Pa puloti ya ku Chilenje, mamita 30 amenewo muwapeza kuti? Ngati nyumba yanu ili pa paipi ya suweji, muli ndi mwayi, komabe mapaipi akalewo anayalidwa poganizira banja limodzi pa puloti. Pitani kwa a Lusaka Water mukafunse ngati paipi ya mumsewu mwanu ingalandire mabafa ena atatu. Muonetsetsenso pamene paipiyo inadutsa, chifukwa m'madera akale imakonda kudutsa kuseri kwa nyumba, pomwepo pamene mukufuna kukumba maziko. Kumanga pamwamba pake ndi kudziitanira mavuto tsiku limene idzatsekeke.

Za loji ya alongo anu sinditaya nthawi. Loji ndi bizinesi, si nyumba yokhalamo. Pamafunika kupempha kusintha ntchito ya malo, pempholo limalengezedwa poyera kuti aneba amene sakufuna anene maganizo awo, kenako pali malaisensi ena a zokopa alendo, a zaumoyo ndi a zamoto. N'chimodzimodzi ndi sukulu ya mkaka, tchalitchi kapena bala. Inde mwaona nyumba za ku Rhodes Park ndi Longacres zitasanduka maofesi, koma misewu ya kumeneko ndi yotakata ndipo mapuloti ndi aakulu. Mumsewu wopapatiza wa ku Chilenje, galimoto zolowa ndi kutuluka pakati pa usiku zidzakudanitsani ndi anthu amene munakula nawo.

Pali chinthu china chimene simunafunse koma chandidetsa nkhawa. Mwati taitolo ilipo, koma ili m'dzina la ndani? Ngati ikadali m'dzina la malemu, yambani mwakonza zimenezo. Munthu akamwalira osasiya wilo, lamulo la Intestate Succession Act la 1989 limapereka nyumba kwa mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana onse. Ndiye kuti malo a kuseriwo si anu nokha. Mukathira ndalama zanu za penshoni kapena za chilimba pamalo a banja popanda pepala, tsiku lina mdzukulu adzati lendi tigawane. Khalani pansi ndi abale anu onse pamodzi ndi amene anasankhidwa kuyang'anira chuma cha malemu, mulembe kuti womanga ndani, wolandira ndani. Ngati m'tsogolo mudzafune kuti fulati iliyonse ikhale ndi mwini wake papepala, lamulo la Common Leasehold Schemes la 1994 limalola zimenezo, koma nyumbazo ziyenera kukhala zomangidwa ndi chilolezo.

Aneba anu sananame. Khonsolo ili ndi mphamvu yoimitsa ntchito, kulipiritsa chindapusa ndi kugwetsa chomangidwa popanda chilolezo. Mudzamva ena akuti "aliyense akumanga, palibe amene wagwetseredwa", kapena wina adzabwera kuti mumupatse kangachepe akusainitsireni mwachidule. Musamvere. Nyumba yopanda mapepala imavuta kugulitsa, ndipo kubanki siyenda bwino ngati chikole.

Ndikanakhala ine, ndikanamanga awiri osati atatu, aliyense ndi zenera loona kuwala ndi kabwalo koyanikapo zovala. Alendi abwino amakhalitsa pamalo pamene akupuma bwino. Musanagule buloko ngakhale limodzi, tengani kope la taitolo, mapu a puloti, chiphaso chanu ndi malisiti osonyeza kuti msonkho wa nyumba mulibe ngongole, mupite ku dipatimenti ya mapulani ku Civic Centre mukafunse kuti puloti yanu inalembedwa m'gulu liti ndipo ingalandire nyumba zingati. Mukamva yankho, m'pamene mupeze wojambula mapulani wolembetsedwa ku Zambia Institute of Architects, abwere ndi tepi adzayeze yekha pamalopo. Mumuuze kuti mtengo wa mango uja aujambule pa pulani, aone ngati nyumba ziwirizo zingakwane iwo uli chiimire.