Mafoni akugwira WiFi koma laputopu ikukana: yankho kwa mayi a ku Senga Bay

Mayi ena a ku Senga Bay, ku Salima, atitumizira imelo iyi: "Mwezi watha ndinagula rauta ya 4G yoikamo simu khadi. Mafoni atatu a pakhomo pano akugwira WiFi bwinobwino, koma laputopu yanga, Dell yakale ya Windows 10, ikukana. Ndikadina dzina la netiweki imazungulirazungulira kenako n'kulemba kuti 'Can't connect to this network'. Masiku ena dzinalo silioneka n'komwe. Wokonza makompyuta wina akuti tiifomate. Nditani?"

Mayi, musalole kuifomata, kutanthauza kufufuta zonse za mu laputopu n'kuikanso Windows. Mutaya mafayilo ndi ndalama, kenako n'kupeza vuto lili pomwepo, chifukwa malinga ndi mmene mwafotokozera, chikuoneka kuti rauta yatsopanoyo ndi laputopu yakaleyo sizikumvana basi. Choyamba tipeze mbali imene yalakwa.

Tengani foni imodzi, zimitsani data ya m'foni, musiye WiFi yokha, mutsegule tsamba lililonse. Likatseguka ndiye kuti simu khadi, bandulo ndi rauta zili bwino. Ambiri amanena kuti foni ikugwira pomwe ikudya bandulo yakeyake mwakachetechete. Mukatero yatsaninso data, muyatse hotspot ya foniyo, ndipo pa AP band musankhe 2.4 GHz. Laputopu ikalumikizika ku hotspot, kadi yake ya WiFi, kachipangizo ka m'kati kogwira netiweki, ndi yamoyo, ntchito yatsala pa rauta.

Musanakhudze rauta, chotsani zimene laputopu ikukumbukira. Pitani ku Settings, Network & Internet, Wi-Fi, Manage known networks, dinani dzina la netiweki yanu kenako Forget. Lembaninso pasiwedi, mutadina kachizindikiro ka diso kuti muziona zimene mukulemba. Malaputopu ena ogwiritsidwa kale ntchito ali ndi mabatani a ku UK pomwe Windows inaikidwa ya US, kotero mukadina @ pamatuluka ". Pasiwedi yolondola pa foni imakhala yolakwika pa laputopu mwanjira imeneyi.

Tsopano rauta. Itembenuzeni, pansi pake pali kapepala kolembedwa adiresi yake, kawirikawiri 192.168.8.1, 192.168.0.1 kapena 192.168.1.1, pamodzi ndi dzina ndi pasiwedi yolowera. Lembani adiresiyo mu Chrome pa foni yolumikizika, mulowe ku WiFi settings. Pali zinthu zitatu zoti muone.

Choyamba ndi Security, njira yotetezera netiweki. Ngati pali WPA3 kapena WPA2/WPA3, sinthani muike WPA2-PSK ya AES. Mafoni a zaka zaposachedwa amaidziwa WPA3, koma makadi akale saidziwa, ndipo ena amasokonezeka ngakhale ziwirizi zitasakanizidwa. Uthenga umene mukuuona uja umachokera apa nthawi zambiri. Musatsike mpaka pa WEP kapena kusiya netiweki yopanda pasiwedi, bandulo yanu ithera kwa aneba.

Chachiwiri ndi band, mtundu wa mafunde amene rauta imaulutsira WiFi. Rauta zambiri zatsopano zimaulutsa 2.4 GHz ndi 5 GHz pa dzina limodzi. Kuti mudziwe zimene laputopu yanu imatha, tsegulani Command Prompt, pulogalamu ya mu Windows yolembamo malamulo, mulembe netsh wlan show drivers, muyang'ane mzere wa Radio types supported. Mukaona 802.11b, g ndi n zokha, popanda a kapena ac, kadiyo ndi ya 2.4 GHz basi. Onetsetsani kuti 2.4 GHz ndi yoyatsa pa rauta, ndipo mupatse ma band awiriwo mayina osiyana. Ndiponso m'nyumba ya njerwa 2.4 GHz ndi imene imadutsa makoma bwino.

Chachitatu ndicho chikutikayikitsa kwambiri, chifukwa cha mawu anu aja akuti masiku ena dzina silioneka. Pa 2.4 GHz pali njira zotchedwa channel, kuyambira 1 mpaka 13. Rauta ikakhala pa Auto, imasankha yokha nthawi iliyonse ikayaka. Magetsi akathima madzulo n'kubwera usiku, rauta imadzuka n'kusankhanso, ndipo tsiku lina imagwera pa 12 kapena 13. Makadi ena, makamaka a malaputopu omwe anagulitsidwa ku America, amalekera pa 11. Foni ikuona netiweki, laputopu ili pambali pake pomwepo siikuona kanthu, ndipo mawa lake magetsi akathimanso zonse zili bwino ngati palibe chinachitika. Chotsani Auto, muike 1, 6 kapena 11, musunge, rauta iyakenso.

Muli momwemo, suzumirani pa mndandanda wa zida zolumikizika. Ngati mwana kapena mlendo anadinapo Block mwangozi, laputopu ikhala pa blacklist. Onaninso chiwerengero cha zida zololedwa, poti ngati pasiwedi inafalikira kwa anzanu a pafupi, malo amatha.

Nanga ngati laputopu inakananso hotspot? Apo vuto lili mwa iyo. Onani kuti Airplane mode ndi yozima, ndipo papasani m'mbali mwake, chifukwa Dell Latitude zakale zili ndi kaswichi ka WiFi komwe kamasuntha polowetsa laputopu m'chikwama. Kenako dinani batani la Windows ndi X, musankhe Device Manager, mutsegule Network adapters. Pa dzina lokhala ndi mawu akuti Wireless kapena WLAN, dinani kumanja, Uninstall device, koma musachonge kabokosi kofufutira driver, pulogalamu yoyendetsa kadiyo. Mukayatsanso laputopu, Windows imaibwezeretsa yokha. Pakakhala kachizindikiro kachikasu, pakufunika driver yatsopano: lumikizani foni ndi chingwe cha chaja, yatsani USB tethering pa foniyo kuti laputopu ipeze intaneti kudzera mwa iyo, mutenge driver pa tsamba la Dell polemba Service Tag yomwe ili pansi pa laputopu. Zikakanikabe, pali Network reset pansi pa tsamba la Status; imayatsanso kompyuta pakatha mphindi 5 ndipo imaiwala mapasiwedi onse a WiFi, koma mafayilo anu siiwakhudza.

Mwina mukakonza izi laputopu ilumikizika koma n'kulemba "No internet". Lembani ipconfig mu Command Prompt. Adiresi ikayamba ndi 169.254, rauta sinaipatse nambala. Lembani ipconfig /release kenako ipconfig /renew. Masamba akamakana ndi chenjezo la chitetezo, onani deti. Kabatire ka CR2032 ka m'kati, kosunga nthawi, kakatha, wotchi imabwerera m'mbuyo zaka zambiri ndipo masamba ambiri amakana kutseguka.

Laputopu ikamagwira pokhapokha mutaiyandikiza pa rauta penipeni, ndiye kuti mwina timawaya tiwiri ta antenna, kakuda ndi koyera, tamasuka pa kadi, zomwe zimachitika kawirikawiri ikatsegulidwa poipukuta fumbi. Apa wokonza uja angathandize, ndi ntchito ya mphindi zochepa. Kadi ikakhala yakufa, gulani ka USB WiFi adapter kolembedwa dual band, ndipo pitani ndi laputopu ku sitolo, kaya ku Kamuzu Road kapena ku Lilongwe, akakayese muli pomwepo musanapereke ndalama.