Bwenzi langa akuti ndikabise za mwana wanga kwa makolo ake ku Poland

Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 31. Kwathu ndi ku Dedza koma pano ndikukhala ku Nottingham, ku UK, komwe ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Ndili pachibwenzi ndi mwamuna wa ku Poland ndipo tatha zaka ziwiri. Ndi munthu wofatsa, wolimbikira ntchito, ndipo za ukwati wakhala akuzitchula. Tsopano wandipempha kuti Disembala uno tipitire limodzi kwawo, kumudzi wina kufupi ndi Tarnów, tikadye Khirisimasi ndi makolo ake, agogo ake aakazi ndi alongo ake.

Poyamba ndinasangalala, koma pano tulo sindikupeza. Ndili ndi mwana wamwamuna wa zaka 8 amene akukhala ndi mayi anga kumudzi. Bwenzi langali amamudziwa, amayankhulana pa WhatsApp, ngakhale fizi amandithandiza. Koma wandiuza kuti tikakafika kwawo za mwanayo ndisakatchule kaye, chifukwa agogo ake ndi Akatolika olimba, angakhumudwe. Akuti adzawauza yekha nthawi ikadzakwana. Zoti ine ndine wa CCAP sanawauzenso. Mayi ake nditaonana nawo pafoni anangondiyang'ana, n'kumwetulira pang'ono, basi.

Mayi anga nawo akuti mwana wa munthu sakagona kwa apongozi popanda ankhoswe, ndipo malume sindinawauze chilichonse. Anzanga akundiopseza kuti kumidzi ya kumeneko munthu wakuda samuonaona. Ndipite kapena ndikhale? Nanga ndikapita ndikachite bwanji kuti ndisakachite manyazi?

Wothedwa Nzeru, Nottingham

Mwana wanga,

Upite ndithu, koma tikiti usagule mpaka nkhani ya mwana wako itafika m'makutu mwa makolo akewo. Zina wafunsazi ndi zopepuka ndipo ndikuyankha, koma iyi yandisowetsa mtendere.

Udziwe kaye chimene akukuitanira. Kwa anthu a ku Poland chimake cha Khirisimasi ndi chakudya chamadzulo a pa 24 Disembala, chimene amachitcha Wigilia. Amadikira kuti nyenyezi yoyamba ioneke, kenako banja lonse limasonkhana patebulo. Asanakhudze mbale, aliyense amatenga kamkate koyera kopyapyala kotchedwa opłatek n'kuyendera anthu onse m'nyumbamo, mmodzimmodzi. Amanyemerana kamkateko, kufunirana zabwino, ndipo amene analakwirana m'chakacho amapepesana pomwepo. Agogo akuti uwabisirewo adzafika pa iwe, adzakugwira dzanja, ndipo n'kutheka ndithu kuti adzakufunira banja labwino ndi mphatso ya ana. Iwe nkhope udzailozetsa kuti?

Sizitheranso usiku umenewo. Pa 25 ndi pa 26 ndi tchuthi, mashopu amakhala otseka, dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane, kunja kukuzizira koopsa. Anthu amangobindikira m'nyumba, kudya, kucheza ndi kuonetsana zithunzi za m'mafoni. Mwana wako adzaimba pa Khirisimasi kufuna kumva mawu a mayi ake. Kodi udzathawira kubafa kukanong'ona ngati wakuimbira ndi wakatapila? Ayi mwana wanga, zimenezo usalole. Mnyamata ameneyo sanalakwire munthu.

Sindikunena kuti bwenzi lakoli ndi woipa. Mwamuna wolipira fizi ya mwana woti si wake ali ndi mtima wabwino. Chamugwira ndi mantha, akuopa agogo ake, ndipo akufuna kuti anthu akukonde kaye. Koma nthawi akuidikirayo siikwana yokha. Ukangopita n'kukhala chete, chaka chamawa kuulula kudzavuta kuposa lero, ndipo tsiku limene adzadziwe sadzaloza chala mwana wawo. Adzati mkazi uja tinadya naye, tinanyemerana naye mkate, chonsecho akutibisira nkhani yaikulu chonchi. Mlandu wa mantha ake udzausenza ndiwe.

Ndiye umuuze mwaulemu koma mosapsatira kuti aimbe foni kwawo sabata ino, ayankhule yekha m'chinenero chawo iwe palibe. Anene zonse ziwiri, za mwana ndi za mpingo. Ngati kuli kukhumudwa akhumudwiretu, afunse mafunso awo, mitima ikhale pansi iwe usanafike. Nthawi zambiri ana ndi amene amakulitsa ukali wa makolo m'maganizo mwawo. Agogo amene afika zaka zimenezo anaona zambiri m'mudzi mwawo momwemo. Komanso anthu amenewa pa Wigilia amaika mpando ndi mbale yopanda mwini, kuchitira mlendo wodzidzimutsa amene angagogode pakhomo. Ine ndikukhulupirira kuti nyumba yotere ikhoza kulandira uthenga woti ku Dedza kuli kamnyamata. Koma akakana kuimba foniyo, khala komwe uliko. Udzakhala wadziwiratu malo amene mwana wako adzapatsidwe m'banja limenelo, ndipo kuli bwino kudziwa mphete isanalowe kuchala.

Mayi ako usawatenge ngati achikale, akunena zoona. Ku Poland kulibe ankhoswe. Mwamuna akabweretsa mkazi pa Wigilia, abale amadziwa kuti nkhani ndi yaikulu, koma palibe amene wamangika nazo. Ulendowu si chinkhoswe, ndipo usabwereko ukudziyesa mkazi wapabanja chifukwa apongozi akukumbatira. Malume ako amve kuchokera kwa iwe usananyamuke, asakazione pa Facebook utaima pachipale chofewa ndi mzungu. Mwamunayo awalonjere pafoni, adzitchule, anene cholinga chake, ndipo adziwe kuti njira ya kwa ife imadzera kwa atsibweni. Za kogona n'zosavuta. Pempha chipinda chako, kapena ugone ndi alongo ake. Mayi ako mtima ukhala m'malo, ndipo ndikuganiza kuti agogo Achikatolika aja nawonso akondwera nazo.

Za mpingo tsopano. Kalembera wa 2021 anaonetsa kuti anthu pafupifupi 71 pa 100 aliwonse ku Poland ndi Akatolika, ndipo dayosizi ya Tarnów imadziwika kuti ndi kumene anthu amapita kwambiri ku Misa. Choncho pakati pa usiku wa pa 24 banja lidzapita ku Misa yotchedwa Pasterka. Pita nawo, vala zofunda bwino, imirira anzako akaimirira. Nthawi yolandira ikafika, khala pampando pako, palibe adzakudabwe. Kamkate ka kunyumba kaja si Mgonero, ukhoza kunyema ndi mtima woyera. Koma nkhani ya mtsogolo muikambe awirinu. Mukadzafuna kumangitsa ukwati mu Katolika, pamafunika chilolezo cha bishopu, ndipo mwamunayo adzalonjeza kuti adzayesetsa kuti ana abatizidwe ndi kuleredwa mu Katolika. Iwe sakukakamiza kusiya CCAP, komabe lonjezo limenelo ulidziwiretu.

Ndikupatseko chokambirana ndi agogowo. Papa John Paul II anabadwira ku Wadowice, m'chigawo chomwecho cha Małopolska chimene muli Tarnów, ndipo achikulire a kumeneko amamukonda kwambiri. Papa ameneyu anabwera ku Malawi mu Meyi 1989, anafika ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Funsa mayi ako zimene akukumbukira za masiku amenewo, ukawafotokozere agogowo. Udzaona okha akusendeza mpando.

Kusayankhula kwa mayi ake pafoni kusakudetse nkhawa. Amene anaphunzira sukulu isanafike 1989, dziko likadali pansi pa chikomyunizimu, ankaphunzitsidwa Chirasha, Chingerezi ambiri sachidziwa. Mayiwo mwina anali ndi manyazi ngati iwe. Anthu akumeneko samwetuliranso mwachisawawa kwa munthu amene sanamuzolowere. Phunzira moni, Dzień dobry, ndi kuthokoza, Dziękuję. Mayiwo uziwatchula kuti Pani, bambo Pan, osawaitana dzina lokha mpaka atakuloleza okha. Kugwada kungawasokoneze, kugwirana chanza ndi kokwanira, koma osapatsana moni mutaima pakati pa khomo, ambiri amati ndi tsoka. Nsapato vula polowa, adzakupatsa masilipasi. Ndipo mugwirizane musananyamuke kuti mwamunayo ndiye womasulira wako. Asakusiye duu patebulo maola atatu anthu akuseka, iwe osadziwa chikusekedwa.

Za khungu sindikunamiza. Kumudzi adzakuyang'ana, kutchalitchi anthu adzatembenuka, ana adzaloza. Zambiri zimakhala chidwi chabe, koma mawu opweteka akhoza kutuluka, makamaka pa 25 kapena pa 26 mowa wa vodka ukayamba kuyenda. Umufunse lero kuti, "Wachibale wako akandinyoza, udzatani?" Umvetsere bwino yankho lake. Akati zimenezo sizingachitike, ndiye kuti sanaganizirepo, mukambiranenso. Amene ayenera kuyankha wachibale wamwano ndi iyeyo, nthawi yomweyo, osati kudzakupepesa kuchipinda anthu atagona.

Patebulo la Wigilia nyama sipakhala. Mwamwambo mbale zimakhala 12 ndipo ndi ulemu kulawa iliyonse, choncho uzitapa pang'onopang'ono. Mudzakhala supu wofiira wa bitiruti, timitanda ta ufa wa tirigu toikamo kabichi ndi bowa totchedwa pierogi, nsomba yozizira yoviika m'mafuta, ndi nsomba yaikulu yotchedwa karp, yaminga yambiri, koma minga siingavute mwana wa ku Malawi. Chakumwa chake ndi madzi ophikira zipatso zouma, amamveka utsi pang'ono. Ukaona udzu wouma pansi pa nsalu ya patebulo usauchotse, ndi chikumbutso cha modyera ng'ombe muja munagona Yesu. Mabanja ambiri masana a tsikulo amadya pang'ono kapena kusala, ndiye kadzutsa udye wokwanira. Mowa ukhoza kukana, koma kanitsitsa kuyambira kapu yoyamba, chifukwa ukalandira imodzi yachiwiri ikubwera. Kukhitchini usadikire kuitanidwa. Pempha akuphunzitse kutsina pierogi, chifukwa pamenepo manja ndi amene amagwira ntchito, Chingerezi sichifunika, ndipo mayiwo adzakuonera pomwepo.

Mphatso amatsegula usiku womwewo akamaliza kudya, ndiye konzera aliyense kanthu. Tiyi wa ku Thyolo, khofi wa ku Mzuzu, chitenje chabwino cha mayi ndi china cha agogo, zimenezi zikwanira. Nyama ndi zamkaka usanyamule, kuyambira 2021 saloleza kulowa nazo m'maiko a mgwirizano wa ku Ulaya (EU), monga Poland, kuchokera ku UK. Ukagula maluwa asakhale ogawika pawiri, akhale 3, 5 kapena 7, ndipo umufunse mwamunayo akusonyeze mtundu umene amaika kumanda kuti uupewe. Ngati foni ija yaimbidwa ndipo zayenda bwino, tenganso chithunzi cha mwana wako chosindikiza, chapafelemu, ukawaonetse ndi manja ako.

Za mapepala usazengereze. Chilolezo chako chokhalira ku UK sichikutsegulira khomo la Poland. Ndi pasipoti ya Malawi ufunika viza ya Schengen, yolowera maiko ambiri a ku Ulaya, imene mtengo wake ndi 90 euro, kuphatikiza inshuwalansi ya zachipatala yosachepera 30,000 euro. Yankho limatuluka pa masiku 15 koma nthawi zina limafika masiku 45, ndipo Disembala ikamayandikira malo okaperekera mapepala amadzaza msanga. Pasipoti yako ikhale yoti ikhalabe ndi mphamvu miyezi itatu kuchokera tsiku lobwerera. Ndalama ya kumeneko ndi złoty, osati euro, ndipo ukhale ndi yakoyako m'chikwama. Jekete lochindikala, chipewa, magolovesi ndi nsapato zosaterera ugule ukadali ku Nottingham. Pasipoti usunge wekha, ndipo tikiti yobwerera ikhale pafoni yako, yoti ukhoza kusintha tsiku popanda kupempha munthu.

Azakhali