Yankho kwa azakhali pa za kunenepa kwa azimayi m'tauni

Eee azakhali, ndamva funso lanu lija loti bwanji azimayi a m'tauni akunenepa chonchi pomwe aliyense akulira kuti ndalama kulibe. Pepani ndayankha mochedwa, bandulo inandithera.

Maso anu sakukunamizani ayi. Kafukufuku wa zaumoyo wa NSO, ofesi ya boma ija yowerenga anthu, wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti mwa azimayi 100 aliwonse a m'tauni, 36 thupi linali lopitirira muyeso, kumudzi 18 basi. Ambiri ndi a m'mabanja opeza bwino, izo sindikukana, koma chomwe chimandiwawa ine nchoti umphawi wa m'tauni nawonso umanenepetsa.

Tangoganizani mayi wogulitsa kaunjika mu Limbe muja, wadzuka 5 koloko, minibasi, kenako wakhala pa benchi mpaka dzuwa kulowa osasuntha poopa kuti kasitomala amudutsa, ndiye njala ikamupweteka chili pafupi ndi chani, chipisi cha pa chiwaya chosambira m'mafuta omwe akazingira dzulo ndi dzana, pamwamba Fanta. Mmawa anamwa tiyi wa shuga masupuni atatu ndi mandasi. Akafika kunyumba kwada, watopa, nyemba aphika nthawi yanji, makala ake omwewa odulawa? Inuyo kumudziko mumalima, kutunga madzi, kusenza nkhuni, nsima ya mgaiwa ndi nkhwani wotendera wothyola kuseri kwa nyumba. Kuno chilichonse nchogula, ndi mango omwe.

Koma china ndi pakamwa pathupa azakhali. Mzimayi akanenepa timati ee banja lamuyanja, bambo akusamala. Akaonda pang'ono, manong'onong'o ayamba, akuti akudwala matenda aja. Mnzanga wina wa ku tchalitchi anamupeza ndi shuga, anamuuza achepetse thupi, anayesetsa ndithu mpaka madiresi kumukhwepa, koma apongozi ake anachita kuitanitsa mwamuna wake kumufunsa kuti mukumumana chakudya mwana wa eniyu? Anangosiya. Pano akumwa mankhwala a BP ndi a shuga omwe, miyendo kutupa, ndimamumvera chisoni kwambiri.

Ndiye poti amayi nawo mutu sukuwasiya masiku ano, chonde athandizeni kulankhula, inu amakumverani, akayezetse BP ndi shuga. Loweruka ndibwera ndi tepi ya telala ija, m'chiuno mwa mzimayi mukapitirira masentimita 88 ndiye kuti pafunika kusamala, ndiwayeza amayi, nanenso mundiyeze.